Mawu oti "mind" akundizunguza mutu, thandizeni

Wofunsa: Moni a pagulu. Ndangoyamba kumene ntchito yosamalira okalamba kuno ku Leicester. Kusukulu tinaphunzira kuti "mind" ndi maganizo, basi. Koma kuno agogo ena akauza mnzanga kuti "Would you mind closing the window?" iye amayankha "No, not at all", kenako n'kukatseka zenera lomwelo. Pamenepa wakana kapena wavomera? Ine ndimangomwetulira n'kuchita zomwe andituma, koma nanga ndizingomwetulira mpaka liti?

Woyankha woyamba: Wavomera, achemwali. Funsolo kwenikweni likuti: kodi zikuvutani mukatseka zenera? Ndiye "no" akutanthauza kuti sizindivuta, nditseka. Mukati "yes" mwawauza agogowo kuti akukuvutitsani. Ife tinazolowera kuti wamkulu akatituma timayamba ndi "eya", n'chifukwa chake pakamwa pamathamangira "yes". Likakuzungulirani lilime, ingonenani "of course not" n'kunyamuka.

Woyankha wachiwiri: Dikirani mudzafike ku London. Pa sitima za pansi pa nthaka mudzamva "Mind the gap" mpaka kutopa nazo. Pamenepo ndiye kuti samalani, pali mpata pakati pa sitima ndi pomwe mwaimapo, phazi lingalowemo. Pantchito panupo mawu amenewa muwafuna tsiku lililonse. Agogo akamatsika masitepe ndi ndodo yawo, agwireni pamkono n'kunena "mind the step". Nyumba zakale za kuno zina zili ndi zitseko zazifupi, pamwamba pake amalembapo "mind your head".

Woyankha wachitatu: Kulera mwananso ndi "mind". Amene amasunga ana a anthu kunyumba kwake molipidwa amatchedwa "childminder", ndipo kuno ku England ambiri amalembetsa ku Ofsted, bungwe la boma loyendera sukulu ndi malo osamalira ana.

Wofunsa: Zikomo nonse. Nanga akandifunsa ngati ndimwa tiyi kapena khofi, pomwe ine chilichonse ndimwa?

Woyankha woyamba: "I don't mind." Koma chonde musati "I don't care", kuno zimamveka mwano, ngati mukuti zanu zimenezo. Munthu akataya tiyi patebulo n'kuyamba kupepesa, mumuuze "never mind", kutanthauza kuti zisiyeni, palibe kanthu.

Woyankha wachinayi: Ija ya "mind your own business" muidziwe kuti mukaimva muzindikire kuti akukuuzani kuti za eni zisiyeni. Inuyo musaiyese pa abwana, ntchito mwangoiyamba kumene.