Kodi ndingapatukane ndi amuna anga koma n'kumalandirabe Ukaristia?

Moni abale ndi alongo mwa Khristu. Ndine mayi wa ku Nkhotakota, ndipo tinadalitsa ukwati wathu mu tchalitchi, koma amuna anga, amene ndi msodzi, anatenga mkazi wina kunyanja ndipo akabwera kunyumba amandimenya. Ankhoswe anakhalapo kawiri, a mphakati anabwera kudzapemphera, koma palibe chasintha. Achibale akuti anadyetsedwa mankhwala ndipo ndipite kwa sing'anga, zimene ndakana, ngakhale Katekisimu wa Mpingo pa ndime 1606 amavomereza kuti mphamvu ya zoipa imalowerera m'banja. Ndikudziwa kuti Mateyu 19:6 amaletsa kulekanitsa chimene Mulungu anamanga. Kodi ndikabwerera kwathu popanda kukwatiwanso, ndidzaloledwa kulandira Ukaristia? Nanga ndiyambire kwa bambo mfumu kapena kwa akatekisiti?