t++ ikukana pa enum ya masiku

Wofunsa: Akuluakulu, ndithandizeni. Ndikusamutsa pulogalamu ya mashifiti a alonda kuchoka ku C kupita ku C++. Masiku ndawaika mu enum class (mndandanda wa maina oimira manambala) yotchedwa Tsiku, Lolemba mpaka Lamulungu. Ndikalemba t++ kuti tsiku t lipite pa lotsatira, kompaila ya g++ ikuti "no 'operator++(int)' declared for postfix '++'". Ku C zinkayenda bwinobwino. Ndalakwitsa pati?

Wakale pa ntchito: Simunalakwitse achimwene. Ku C enum ndi nambala chabe yovala dzina. C++ siilola kuti nambala ilowe mu enum inu musanalamule, ndipo enum class ya mu C++11 ndiye youma mutu zedi. Dzilembereni operator:

Tsiku& operator++(Tsiku& t) { t = static_cast<Tsiku>((static_cast<int>(t) + 1) % 7); return t; }

Imeneyi ndi ya ++t. Ya t++ imafuna int yongokhalapo m'mabulaketi.

Wofunsa: Yalola, zikomo bwana. Koma ndandanda yasanduka chipwirikiti. Loweruka likatha pakubwera mzere wopanda dzina, Lamulungu silikuoneka n'komwe. Alonda akaona zimenezi ayesa ndi holide.

Wa madatabesi: Tiuzeni kaye, Lolemba munalipatsa nambala yanji?

Wofunsa: 1, asisi. Tinatsata muyezo wa madeti wa ISO 8601, momwe Lolemba ndi 1, Lamulungu 7.

Wa madatabesi: Ndi pomwepo. Loweruka lanu ndi 6, kuwonjezera 1 ndi 7, ndipo 7 % 7 ndi 0. Tsiku la 0 mulibe. Kompaila siidandaula chifukwa pansi pa enum class pali int, static_cast imangomeza nambala iliyonse. Lembani (n % 7) + 1, n kukhala nambala ya tsikulo. Musamalenso mukamatenga tsiku ku tm_wday (tsiku la sabata mu struct tm ya C), kumeneko Lamulungu ndi 0.

Wakale pa ntchito: Ndavomera, ndinangoganiza kuti ayambira pa 0.

Wa madatabesi: Ine pandekha masamu pa enum sindiwakhulupirira. Zinandionekerapo pa ma status a maoda: mnzathu wina anasintha manambala kukhala 10, 20, 30, maoda onse n'kuima osadziwika ali pati. Chiyambire pamenepo ndimalemba switch, Lolemba lipereke Lachiwiri, mpaka Lamulungu libwerere ku Lolemba. Musaikemo default. Wina akadzawonjezera dzina mu enum, -Wall, yoyatsa machenjezo a kompaila, idzakuwa yokha.

Wa Java: Kwathu kuno values() yopereka maina onse ndi ordinal() yopereka malo a dzina pamndandanda basi, tamaliza kalekale.

Wakale pa ntchito: Inu a Java khalani kaye chete, sinthani ndondomeko ya mainawo muone ordinal ikuchitani.

Wofunsa: Ndatenga ya switch. Lamulungu labwerera, mashifiti a sabata zinayi atuluka onse bwino.