Nkhondo ya ku Cabo Delgado inayamba bwanji, nanga bwanji siikutha?

Kanyimbi:
Abale, amene mukuidziwa bwino nkhani ya kumpoto kwa Mozambique tandimasulirani. Zigawenga zimene akuzitchula kuti al-Shabaab ndi zomwe zija za ku Somalia? Asilikali a Rwanda ndi a SADC anapitako, koma anthu akuthawabe m'midzi. Chikukanika n'chiyani?

Mlonda_wa_Nyanja:
Dzina lokha ndi lofanana, achimwene. M'Chiarabu "shabaab" ndi achinyamata, ndipo anthu a m'deralo ndi amene anawapatsa dzinali. Chipolopolo choyamba chinalira pa 5 October 2017, pomwe anaukira mapolisi a ku Mocímboa da Praia. Koma moto unali ukufuka kale. Kwa zaka zingapo kagulu ka anyamata kanali katapatuka pa mizikiti ya makolo awo, kakuletsa ana kupita ku sukulu za boma ndi kumvetsera maulaliki a Aboud Rogo wa ku Mombasa, yemwe anaphedwa mu 2012. Akuluakulu a Chisilamu ndi amene anayamba kuchenjeza boma, koma boma linatenga nkhaniyi ngati mkangano wa mumzikiti.

Chipembedzo chokha sichikanakoka anthu ambiri chotero. Miyala ya ruby inapezeka ku Montepuez mu 2009, gasi wa m'nyanja ya ku Rovuma mu 2010. Mu 2017 apolisi anathamangitsa mwankhanza anthu okumba miyala pawokha, ndipo anyamata ambiri anatsala opanda pogwira. Onjezerani chakukhosi cha a Mwani a m'mbali mwa nyanja, ambiri Asilamu, omwe amaona kuti ntchito ndi maudindo zikupita kwa a Makonde a ku Mueda, kwawo kwa Filipe Nyusi, yemwe anali pulezidenti wa Mozambique nthawi imeneyo. Islamic State inayamba kunena kuti zigawengazi ndi zake mu June 2019, nkhondo ili kale mkati.

Nachisale:
Pa funso lachiwiri, onani ndondomeko ya amene anaitanidwa. Wagner, kampani ya asilikali aganyu ya ku Russia, inafika mu September 2019, inataya anthu m'nkhalango zomwe sinkazidziwa, n'kuchoka pasanathe miyezi ingapo. Kenako Dyck Advisory Group, kampani inanso yotere ya ku South Africa, inabwera ndi mahelikopita. Helikopita imabalalitsa adani, koma siingagone m'mudzi kuulondera. N'chifukwa chake doko la Mocímboa da Praia linagwa mu August 2020 ndipo linakhala m'manja mwa zigawenga chaka chathunthu.

Zinthu zinatembenuka pa 24 March 2021, tauni ya Palma itaukiridwa, pafupi ndi Afungi pomwe kampani ya Total inkamanga ntchito ya gasi ya madola 20 biliyoni. Mwezi wotsatira kampaniyo inaimitsa ntchito. Mu July Rwanda inatumiza asilikali ndi apolisi 1,000, ndipo pa 8 August analanda Mocímboa. SADC inatumiza gulu la asilikali lotchedwa SAMIM, momwe munalinso a Malawi ndi Zambia. Zindikirani kuti ku Xitaxi anyamata oposa 50 anaphedwa mu April 2020 chifukwa chokana kulowa m'gululi, koma palibe anathamanga kudzathandiza. Anathamangira gasi.

Mlonda_wa_Nyanja:
Mwalasa, achemwali. Ndipo kulanda tauni si kutha kwa nkhondo. Anyamata a gululi atachotsedwa m'matauni anagawikana m'timagulu ting'onoting'ono, n'kulowa m'nkhalango za m'mbali mwa mtsinje wa Messalo ndi ku Macomia. Mukawapanikiza kuno amatulukira uko. Kumapeto kwa 2021 anafika ku Mecula m'chigawo cha Niassa, chomwe chachita malire ndi ife, ndipo mu September 2022 anawoloka mtsinje wa Lúrio n'kupha sisitere wa ku Italy pa mishoni ya Chipene ku Nampula. Mtsogoleri wawo, Bonomade Machude Omar, anaphedwa mu August 2023, koma gulu silinamwazikane.

Gogo_Phiri_Wamkulu:
Chimene chimavuta kwambiri ndi chikhulupiriro cha anthu wamba. Msilikali akalanda nsomba za msodzi kapena kumenya mnyamata pomuganizira, mudzi wonse umatseka pakamwa, ndipo popanda wokutsina khutu simungadziwe komwe adani agona. Zigawenga zinaona zimenezi, ndipo m'midzi ina ya m'mbali mwa nyanja zinayamba kugula chakudya pamtengo wokwera m'malo molanda. Ndalama nazonso zinavuta: European Union inapereka mayuro 20 miliyoni ku asilikali a Rwanda mu 2022, pomwe SAMIM inkapuma movutikira. Mu May 2024, SAMIM ikulongedza katundu, zigawenga zinalowa m'tauni ya Macomia. Pofika July chaka chomwecho gulu la SADC linali litachoka, Rwanda n'kuwonjezera asilikali ake kuti atseke mpatawo.