Mutu wa kutha msinkhu mu Life Skills, anzanga mumauphunzitsa bwanji?

Mphunzitsi_Std6

Aphunzitsi anzanga ndithandizeni nzeru. Ndili pa sukulu ina ya kumudzi, teremu ino ahedi andipatsa Life Skills ya sitandade 6 ndiye tayandikira mutu wa kutha msinkhu. Kalasi ndi yodzadza, muli tiana ta zaka 11, muli anyamata oti mawu anasintha kale komanso atsikana oti anavinidwa. Ndikangoti thupi limasintha anyamata onse kuseka, atsikana kuzolika osadzutsanso mutu. Chaka chatha makolo ena anabwera kwa ahedi kudzadandaula kuti mphunzitsi akulaulira ana, mnzangayo mpaka anangolumpha mutuwo nkuwalembera manotsi pa bolodi basi. Ine kulumpha sindikufuna chifukwa anawa ndimawaona mmene akuvutikira, koma ndine mwamuna, ndiyambire pati?

Madamu_wa_kale

Achimwene musalumphe chonde. Koma musayambire mkalasi, yambirani kwa makolo. Pemphani ahedi ayitane a mother group (gulu la amayi othandiza atsikana pa sukulu), a komiti ya sukulu ndi amfumu ngati angabwere, muwatsegulire buku lenilenilo aone okha kuti mutuwu simunaupeke ndinu, ndi silabasi ya boma yolembedwa ku MIE, bungwe lokonza masilabasi ndi mabuku a sukulu ku Domasi, ndipo imabwera pa mayeso a MANEB a sitandade 8. Makolo ambiri amakwiya chifukwa amamva nkhani kwa mwana, mwanayo atatola mawu amodzi okha omwe anaseketsa anzake.

Tsiku lophunzitsa agaweni, atsikana apite ndi madamu kapena mayi mmodzi wa mother group, inu mutenge anyamata pansi pa mtengo. Koma anyamatawo muwauzenso za msambo, apa ndiye ambiri timaphonya. Mtsikana akadetsa yunifomu amamanga juzi mchiuno nkukhala pa desiki osadzuka mpaka onse atuluke, ndipo akasekedwa tsiku limenelo simumuonanso sabata yonse, ena mpaka amasiyiratu sukulu. Amene amamuseka ndi anyamata omwewo oti palibe anawafotokozerapo kuti ndi chilengedwe, amayi awo ndi azichemwali awo amadutsamo. Kwa atsikana tisamangolankhula, tiziwaonetsa kapindidwe ka nsalu, kuchapa ndi sopo ndi kuyanika padzuwa osati kubisa pansi pa mphasa ili yonyowa, komanso adziwe madamu amene amasunga mapadi ku ofesi.

China, tengani katoni ya choko muboole pamwamba, aliyense aponyemo pepala lopanda dzina, ngakhale amene alibe funso aponye lopanda kanthu kuti asadziwike wafunsa ndani.

Bambo_wa_atatu

Ine si mphunzitsi ndine kholo, ndipo ndinene zoona mtima wanga sumasuka. Kwathu nkhani zimenezi ndi za anankungwi ndi azakhali, mwana samazimva kwa munthu wamwamuna pagulu. Za ukhondo phunzitsani ndithu, tonse tinaona kolera ya 2022 mpaka 2023, sukulu za ku Blantyre ndi Lilongwe mpaka zinachedwa kutsegulira mu January, kusamba mmanja ndi kugwiritsa ntchito chimbudzi ana azimva tsiku ndi tsiku. Koma zinazi mantha anga ndi oti mukawatsegula maso ana oti sanali kuganizako nkomwe.

Mlangizi_wa_ana

Bambo nkhawa yanu ndi yomveka ndipo simuli nokha. Koma taganizani, anankungwi amabwera mwana atagwa kale pansi, pomwe atsikana ambiri zimawayambira ali pa sukulu pompo asanauzidwe kanthu ndi munthu, ena amaganiza kuti avulala kapena alodzedwa. Ndipo maso amene mukuopawo akutsegulidwa kale ndi mafoni ndi mavidiyo sho a pa tredingi, kusiyana kwake nkoti kumeneko palibe amamuuza mwana kuti ali ndi ufulu wokana.

Aphunzitsi, za katoni zija ndi zabwino koma konzekani mtima. Tsiku lina mudzatulutsa pepala loti munthu wina wa kunyumba amandigwira usiku. Limenelo musaliwerenge mkalasi ndipo musafufuze pagulu kuti walemba ndani, ingonenani kuti amene ali ndi nkhani yovuta akupezeni kapena apeze madamu. Mwana akabwera musamulonjeze kuti simuuza munthu, muuzeni kuti muuza okhawo amene angamuthandize. Kenako ahedi, a zoteteza ana a mdera lanu, a Victim Support ku polisi, ndipo ngati wagwiriridwa apite kuchipatala msanga pasanathe maola 72 kuti alandire mankhwala oteteza ku HIV. Nkhani ngati imeneyi isathere pa mbuzi kwa amfumu. Nambala ya foni yothandiza ana ya 116 ndi yaulere, ilembeni pakhoma la kalasi. Ana adziwenso kuti kuyambira 2017 malamulo a dziko salola ukwati munthu asanakwane zaka 18, komanso mtsikana akabereka amaloledwa kubwerera ku sukulu.

Ndipo musamangowaloweza za mayeso, mwana amatha kulemba bwinobwino tanthauzo la kudzidalira koma wa kabaza akamuuza kuti kwera ulere amasowa chonena. Achite sewero, wina akhale wa kabaza wina akane mokweza mawu, abwereze mpaka manyazi athe.

Mayi_ku_Leeds

Kuno ku England phunziro ngati la Life Skills amati PSHE, kuyambira 2020 za maubale ndi za umoyo ndi zokakamiza ku pulayimale, kutha msinkhu kuli momwemo. Sukulu ya mwana wanga inatumiza kalata tisanafike mutuwo nkutiyitana kukaona zomwe aphunzitse. Ine ndinapita ndili ndi mantha ngati a bambowa, koma nditaona ndinapeza poyambira kucheza naye kunyumba. Ndiye zoyamba ndi makolozo ndikugwirizana nazo kwambiri.

Mphunzitsi_Std6

Zikomo nonse, bambo inunso zikomo chifukwa mawu anuwo ndi amene ndikakumane nawo pa msonkhano. Ahedi avomera, a mother group tikumana nawo Lachisanu tikaweruka. Madamu funso lina, alangizi a zaumoyo a pa chipatala chathu chaching'ono ndiwayitane pa msonkhano wa makolowo kapena adzabwere tsiku lophunzitsa ana?