Claim ya mawu osasa yabwezedwa, R49.0 akuikana, thandizeni

Billing LL: Akuluakulu thandizeni msanga ndisanatseke batch ya mwezi uno. Patient ndi mphunzitsi wa ku pulayimale, mawu anasasa kuyambira teremu yatha, dokotala wa ENT (makutu, mphuno ndi kukhosi) anawaona nkupanga scope (kuyang'ana mkati mwa khosi ndi kachipangizo), pa file walemba "hoarseness ?nodules, for speech therapy". Ine ndinaika R49.0, code ya mawu osasa ya mu ICD-10 (buku la WHO la ma code a matenda), pa consultation, pa scope ndi pa ma session a therapy. A medical scheme alipira consultation yokha, zinazo abweza ati symptom code siyokwanira, tumizani diagnosis yeniyeni. Dokotalayo amabwera Lachinayi lokha ndipo report ya scope mu file mulibe, muli kapepala kachikasu komata kolembedwa "scope done" basi. Mayiwo aimba kale akudandaula kuti bwanji ndilipire ndekha pomwe amandidula pa salale mwezi ndi mwezi. Nditani apa?

Mkulu wa ma claim: Ikani J38.2 mutumize achemwali. Nodules of vocal cords, tizotupa ta pa minofu yotulutsa mawu, pansi pake bukulo lalemba ndithu teacher's nodes, nde mphunzitsi wanuyo ndi ameneyo.

Mayi wa records BT: Ayi bambo, taonani bwino, kutsogolo kwa nodules kuli question mark. Dokotala akuganizira chabe. Mukaika J38.2 ndinu amene mwapeza matenda, osati dokotala, ndipo tsiku la audit adzaika claim apa file apa nkufunsa kuti anatsimikiza ndani.

Mkulu wa ma claim: Mayi tawerengani Volume 2 ya ICD-10 ya WHO. Imanena kuti ngati episode yatha koma main condition ikadali suspected, ndipo palibe china chowonjezera, mumaikoda ngati yotsimikizika. Sindikupeka ine. J38.2.

Mayi wa records BT: Mwalumpha pomwe pali nkhani. Akuti ngati palibe china chowonjezera. Apa chilipo, scope inachitika, munthu anayang'ana kukhosiko ndi maso ake, chikusowa ndi pepala lokha. Komanso episode yatha bwanji patient asanamalize therapy? Achemwali muimbireni dokotala, kapena nesi amene anali naye mu room, report ilipo penapake, mwina idakali mu kompyuta ya scope.

Clinical officer wa ku Zomba: Ine si wa billing koma izi zimandikhudza. Mawu osasa kwa nthawi yaitali musamawaone ngati nkhani ya ma code chabe. Tinali ndi bambo wina wosuta fodya, ulendo uliwonse akulembedwa J04.0, acute laryngitis, amoxicillin, bwererani kunyumba. Acute yanji yopitirira miyezi? Pomwe amakafika kwa a ENT anapeza kuti ndi khansa ya kholingo, C32, itapita kale patali. Winanso inali TB ya kholingo, kuno kwathu imeneyo sitingaiiwale. Code yolakwika ikalowa mu system aliyense wobwera pambuyo amangoitsatira osaganizanso, ndi chimene ndimaopa ine.

Wa ku Joburg: Chemwali taonaninso list imene ili mu software yanu ndi ya kuti. Ambiri amakopera pa Google osadziwa kuti atenga ICD-10-CM ya ku America. Kumeneko kuli R49.21, R49.22, R49.9, J38.01, koma mu buku la WHO mulibe zimenezo, muli R49.0, R49.1 ya mawu osatulukiratu, R49.2 ya kulankhulira m'mphuno, R49.8 basi. Kuno ku Joni timagwiritsa ya WHO ndipo ukaika ya ku America claim imakanidwa pompo. Chimodzimodzi 92524 ndi 92507 mumaona pa intanetizo, ndi CPT, ma code a ma procedure a ku America, musamaike ngati tariff ya scheme yanu siikuzidziwa.

Billing LL: R49.0 ili konsekonse achimwene, vuto si limenelo. Dokotala foni sakuyankha, akuti ali ku theatre.

Mkulu wa ma claim: Nde mudikira Lachinayi batch itapita? Ndayamba ntchitoyi tikulemba ma claim pa mapepala a kaboni, mphunzitsi wosasa mawu ndi nodules basi. Ikani J38.2, mayiwo asavutike.

Speech therapist: Bambo pepani koma si onse. Ena amabwera ndi polyp, imeneyo ndi J38.1 ndipo kawirikawiri imafuna opaleshoni, pomwe ma nodules timayamba ndi therapy, kupumitsa mawu, kumwa madzi, kusiya kukuwa m'kalasi la ana odzaza mpaka pakhomo. Mukatumiza J38.2 lero nkudzapezeka polyp, tsiku lopempha authorisation ya theatre a scheme adzafunsa kuti zasintha liti, wovutika ndi patient yemweyo. Achemwali, ma session anali ndi pre-auth, chilolezo cha scheme asanayambe? Nthawi zambiri therapy imakanidwa chifukwa cha imeneyo, osati code. Ndipo therapist wanu alembe ka report kake, Z50.5, code ya speech therapy, izipita ngati secondary ngati scheme ikuilandira, isamapite yokha.

Mayi wa records BT: Zandikumbutsa za mnyamata wina amene tinali naye, mtsikana wa kwaya mawu atathimiratu iye anapeza liwu loti aphonia pansi pa F44.4 nkuika imeneyo osafunsa. Imeneyo ndi ya psychogenic, chaputala cha matenda a maganizo. Statement inapita kwa bambo ake amene ndi main member, kunali kulira pa reception, ndipo kuti ichotsedwe panafunika kalata ya dokotala. Musamasankhire munthu matenda chifukwa choti code yake ikulipira.

Mkulu wa ma claim: F44.4 ndi nkhani ina mayi. Ine ndikunena J38.2, dokotala analemba yekha liwu loti nodules.

Kalaliki wa ku Mzuzu: Pepani ndilowerere, poti tili pa zakukhosi zomwezi. Ndili ndi mayi anachitidwa opaleshoni ya chithokomiro, chichokereni ku theatre mawu akungonong'ona, scope yaonetsa kuti vocal cord imodzi siikuyenda. J38.0, code ya vocal cord yosayenda, ndaika, koma a scheme akuti ndi complication ya opaleshoni ilowe mu bill yoyamba ija. Alipo anakumanapo nazo? External cause, code ya chimene chinayambitsa vutolo, mumaika iti?

Wa ku Joburg: Opaleshoniyo inachitikira pa chipatala chanu chomwecho kapena kwina?