"Walira mvula walira matope": kodi mwambiwu ukukwana pa Britain ya 1763?

Nachisale: Akuluakulu, ndithandizeni. Mwambi woti "walira mvula walira matope" umatanthauza chiyani kwenikweni? Ndikufuna kuugwiritsa ntchito pofotokoza zimene zinagwera Britain itapambana nkhondo yake ndi France ya 1756 mpaka 1763, koma ena akuti sukukwana poti wopambana salira.

A Phiri: Mayi Nachisale, kulira kwa apa si kwa misozi, ndi kulakalaka chinthu mpaka kuchipempha. Chofunika n'chakuti matopewo amachokera m'mvula yomweyo imene munapempha. Vuto likachokera kwina, mwambiwu sugwira. Ndiye funsani: mavuto a Britain anabadwa m'chipambanocho kapena ayi?

Gamaliyele: Anabadwa momwemo. Quebec, mzinda wa Afalansa ku Canada, inagwa mu 1759, Wolfe, mkulu wa asilikali a Britain, ndi Montcalm, mkulu wa asilikali a France, onse n'kufera pankhondoyo, ndipo pangano la ku Paris la 1763 linapereka Canada kwa Britain. Koma nkhondo inamenyedwa ndi ndalama zobwereka. Ngongole ya boma inachoka pa mapaundi pafupifupi 75 miliyoni kufika pafupifupi 130 miliyoni. Dziko lalikulu limene analanda linafunanso alonda, boma n'kuganiza zosunga asilikali pafupifupi 10,000 ku America. Ndalama zowadyetsa zichokera kuti? Nduna yaikulu ya Britain, George Grenville, anayamba kukhometsa msonkho madera a Britain a ku America ndi lamulo la Sugar Act mu 1764: msonkho wa manyuchi a nzimbe anautsitsa kuchoka pa mapeni 6 kufika pa 3 pa galoni, koma tsopano n'kumautolera molimba, pomwe kale amalonda ankangouzemba. Mu 1765 kunabwera Stamp Act: nyuzipepala, zikalata za kukhoti, ngakhale makadi a juga, zonse zikhale ndi chidindo cholipira.

Nachisale: Nanga chinalakwika n'chiyani, poti ku Britain komweko msonkho wa chidindo ankalipira kale?

Gamaliyele: Unkafuna ndalama zenizeni za Britain, zimene zinali zosowa ku America, kumene ambiri ankagwiritsa ntchito ndalama zapepala. Unagunda maloya, osindikiza nyuzipepala ndi amalonda, anthu odziwa kuyankhula pagulu. Ndipo atsamundawo, ndiye kuti azungu okhala m'madera a Britain a ku America, analibe phungu ndi mmodzi yemwe ku nyumba ya malamulo ku London. Ku Boston, Andrew Oliver, amene anasankhidwa kugawa zidindo, gulu la anthu linamuswera nyumba mu Ogasiti 1765, iye n'kusiya ntchito lamulo lisanayambe pa 1 Novembala.

A Phiri: Kwa ine matope akuluakulu si ngongole ayi. Afalansa ali ku Canada, atsamunda ankadalira asilikali a mfumu chifukwa cha mantha. Afalansa atachoka, manthawo anatha, ndipo kumvera London kunayamba kulemera. Pamenepa ndiye mwambi wanu ukukwana ndithu, mayi.

Gamaliyele: Muwonjezepo kuti Stamp Act inathetsedwa mu Malichi 1766 amalonda a ku Britain atadandaula kuti katundu wawo sakugulidwa. Tsiku lomwelo panadutsanso Declaratory Act, yonena kuti nyumba ya malamulo ili ndi mphamvu zopangira atsamunda malamulo pa nkhani iliyonse.