Ndikufuna kusiya mowa kuno ku Joni, ku AA amalowa bwanji?

Abale, dzina sinditchula, muno muli anthu a kwathu ambiri. Ndine bambo wa zaka 38, kwathu ndi ku Ntcheu, koma kuyambira 2017 ndili kuno, ndimagwira ntchito ya gadeni ku Randburg. Paja ife Angoni timanyadira kuti mowa ndi mwambo, ndiye ndinakula ndikuona ngati palibe vuto. Pano zafika poipa. Lachisanu ndikalandira, sindifika kunyumba osadzera pa shabini. Mwezi watha fizi ya mwana wanga wa Fomu 3 ndinamwera yonse, mayi ake n'kuwanamiza kuti abwana sanandilipire. Chomwe chandiopsa kwambiri ndi manja. M'mawa amanjenjemera mpaka kulephera kugwira kapu, ndiye ndimayamba ndamwako pang'ono kuti akhazikike.

Ndekha ndayesa katatu. Abusa anandipempherera, ndinapirira masabata awiri, kenako mnzanga anabwera ndi botolo, basi zinathera pomwepo. Adona a nyumba ina imene ndimagwirako andiuza za Alcoholics Anonymous (AA), gulu la anthu othandizana kusiya mowa. Koma ndili ndi mantha. Amalipiritsa zingati? Mapepala anga sali bwino, kodi safunsa pasipoti pakhomo? Chingerezi changanso n'cha kuntchito chabe. Ndipo kodi si tchalitchi china chake? Amene munapitako ndithandizeni.

Bambo a Yami: Achimwene, ine chaka chino n'chachinayi ndikupita kumeneko, ndiye mvetserani. Salipiritsa. Amayendetsa kabasiketi kogulira tiyi ndi kulipira chipinda, ukakhala ulibe umangopatsira mnzako. Pasipoti safunsa, buku la mayina kulibe, umangonena dzina loyamba, ngakhale la pa ubwana. Chimene amafuna n'chimodzi, kuti ukhale ndi mtima wofuna kusiya. Gululi linayamba mu 1935 ku Akron, ku America, ndi zidakwa ziwiri, Bill W. ndi Dr. Bob, winayo anali dokotala weniweni wa opaleshoni. Anaona kuti chidakwa chimamvera chidakwa chinzake kuposa wina aliyense. Nanenso zinanditero. Tsiku loyamba ndinakhala kumbuyo, chipewa kumaso, kenako mzungu wina wa galimoto yabwino anayamba kufotokoza mmene ankabisira botolo m'thanki ya chimbudzi. Ndinaseka ndekha, chifukwa ine ndinkabisa momwemo.

Simukakamizidwa kulankhula, mukhoza kungomvetsera mwezi wathunthu. Misonkhano ilipo ya mitundu iwiri, ina ndi yotsekula kwa aliyense, ina ndi ya okhawo amene ali ndi vutoli. Ambiri amakumana m'maholo a matchalitchi chifukwa n'kotchipa, koma si mpingo ayi, m'gulu lathu muli Asilamu ndi ena osapemphera. Za Mulungu zimatchulidwa ndithu, koma aliyense monga amamudziwira. Lembani AA South Africa pa Google, mupeza ndandanda wa malo ndi nthawi, ndipo ina imachitika pa Zoom. Gulu loyamba likapanda kukusangalatsani yesani lina, musaweruze onse ndi limodzi. Mukazolowera mudzapeze sponsa, munthu amene anasiya kale, woti muzimuimbira ludzu likakugwirani. Lachisanu madzulo foni imeneyo ndi imene inandipulumutsa ine.

Anesi a ku Midrand: Bambo, za manjazo musazitenge mwachibwana. Munthu amene thupi lake lazolowera mowa motero akasiya mwadzidzidzi amatha kugwa ngati wakhunyu, ena pakapita masiku awiri kapena atatu amayamba kuona zinthu zomwe palibe, ndipo ena amafa nazo. AA si chipatala, sapereka mankhwala. Yambani mwapita ku kiliniki, mukanene chilungamo kuti mumamwa wochuluka bwanji patsiku. Osachepetsa chifukwa cha manyazi, ife tamva zambiri.

Mtumiki: Zonsezi n'zosafunika. Bwererani kwa abusa, musale kudya, chiwanda chimenecho chichoka.

Bambo a Yami: A Mtumiki, kupemphera palibe akuletsa, nanenso ndimapemphera. Koma mwamva anesi? Munthu akunjenjemera kale, inu mukuti asalenso kudya?

NaPhiri: Ine ndilankhulako za mayi a kunyumba, poti ndinakhalapo pa mpando umenewo. Alamu, auzeni zoona za fizi. Mukuganiza kuti sakudziwa? Ife timadziwa, timangotopa kufunsa. Liliponso gulu la achibale a anthu omwa, limatchedwa Al-Anon, linanditsegula maso kuti si ine ndinkawamwetsa amuna anga. Ndipo mukadzaganiza zobwerera kumudzi, a St John of God ku Mzuzu amathandiza anthu ofuna kusiya mowa.

Mwini funso: Zikomo nonse, ndawerenga mpaka misozi. Anesi, Lolemba ndipempha kuweruka msanga ndipite ku kiliniki. Ndayang'ana ndandanda uja, ulipo msonkhano Lachitatu madzulo pafupi ndi kuntchito, koma umatha usiku ndipo mateksi a kwathu nthawi imeneyo amakhala atasiya. Bambo a Yami, inu mumabwerera bwanji? Komanso ngati n'kotheka tsiku loyambalo mundiperekeze, chifukwa ndikudzidziwa, ndikhoza kufika pageti n'kubwerera. Alamu, za fizi zija sindinalimbebe mtima.